Makorale Oyera a Eusebio

Eusebio Canché anali munthu waukhondo wonyanya, wa mtundu uja wopukuta mpando asanakhalepo. Atasiya usodzi wa nkhanu, bungwe la asodzi a ku Puerto Morelos lidamuika kuyang'anira matanki olereramo makorale, tizilombo tija timamanga matanthwe pansi pa nyanja. Anali atawalera zaka ziwiri, ndipo kunatsala mwezi umodzi kuti akawabzale kunyanja.

Chimodzi chokha chinkamudya mtima: makoralewo anali otuwa ngati matope.

Wodziwa za ntchitoyo anali mlamu wake, Maribel Poot. Tsiku lomwe ankapita ku Mérida kukadwazika mayi ake, adaloza ukonde wa mthunzi womwe unali pamwamba pa matanki.

"Mlamu, uwu musaukhudze. Ogasiti uno dzuwa silikuseka ndi munthu."

"Pitani bwino, aphunzitsi," adatero Eusebio. "Nyanja ndidayamba kumwa inu muli kumsana."

Koma sabata yomweyo kunkabwera alendo a boma, ndiye iwo adzaone zinthu zakuda mumdima? Eusebio adakwera makwerero n'kuchotsa ukonde wonse. Madzi adafunda. Patapita masiku asanu makorale adayamba kuwala, pofika Loweruka anali mbee! ngati mchere. Alendo adaomba m'manja, zithunzi adajambula, Eusebio ali pakati mano onse pamtunda.

Maribel atabwerako adangogwetsa chikwama pakhomo.

"Mayo ine! Mlamu, mwatani?"

"Ndawasambitsa. Taonani kukongola! Sukulu yanu yonse ija litsiro lidakukanikani."

"Litsiro lake liti? Kutuwa kuja ndi ndere zing'onozing'ono zokhala m'thupi mwawo. Ndere zimapanga chakudya ndi kuwala, korale n'kumadya, iye n'kumazipatsa pogona. Kukatentha kwambiri amazilavula. Mwawathamangitsira wophika! Kuyera mukunyadiraku ndi mafupa akuonekera."

Eusebio adaseka, koma kuseka kwake sikudakhalitse. Adabwezera ukonde tsiku lomwelo. Adathamangira kwa ogulitsa nsomba kukapempha ayezi, ankalankhula ndi matanki monyengerera ngati akupepesa mkazi wochoka pabanja. Ndere sizidabwerere. Pakutha kwa masabata atatu nthambi zoyera zija zidamera nguwi yonunkha, ndipo mwa mazana anayi mudapulumuka khumi ndi ziwiri.

Zinali zomvetsa chisoni, ngakhale ena kuseri ankafa nako kuseka. Pa tsiku lomwe adakonza lokabzala, maboti adakhala pagombe, asodzi manja m'thumba, akuonerera Eusebio akukankha wilibala yodzaza mafupa kupita kudzala. Mmodzi adakuwa, "Achimwene, pang'onopang'ono, angade!"

Iye sadacheuke. Anali ataphunzira mochedwa kuti chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.