Matabwa a bokosi la a Thawale

Ana inu, ena adzakuuzani kuti mwambi wa njoka ndi wakale kuposa zipatala. Musalimbane nawo, koma ine ndinaumva motere.

A Thawale anali okonza njinga, munthu wosadziwa kudandaula. Atakalamba, m'mimba mwawo munayamba kugunda ngati muli mtima wachiwiri. Kuchipatala chachikulu dokotala anawaunika n'kuwauza mosabisa kuti mtsempha waukulu wa magazi watupa ngati chubu chakutha, ndipo ukaphulika ndiye kwawo kwatha. Kung'amba mimba sakanayerekeza, poti mtima wa mkuluyo unali wofooka. Anati aboola pang'ono m'mphechepeche, alowetse kawaya mumtsempha, kakwere mpaka potupapo n'kukasiya kapaipi kofewa koti magazi azidutsamo.

Akulu awo amene anawaperekeza kuchipatalako, a Malizani, amene mawu awo ankamveka pa mbumba yonse, anakana kwamtuwagalu. Iwo anakula akuona mphini zikutemedwa pamene pakuwawa: mutu ukavuta, mphini pamphumi, bondo likatupa, mphini pabondo.

"Matenda ali m'mimba, iye akukagogoda kumwendo," anatero. "Wasochera ameneyu. Tiyeni kumudzi, achimwene, tikateme pamimba pomwepo."

Dokotala sanapse mtima. Anatenga chithunzi cha m'thupi mwa wodwalayo n'kulondola ndi chala njira ya mtsempha, yokhotakhota kuchokera kuntchafu mpaka kuseri kwa mchombo. A Thawale anachiyang'ana nthawi yaitali. Mantha anali nawo, ndipo sanawabise.

"Achimwene," anatero, "njoka ikamadutsa pabwalo, safunsa mchira kumene ikupita. Ine ndaona kumene kwaloza mutu. Nditsala."

A Malizani anachoka atakwinya nkhope. Pokhala munthu wodana ndi kudzidzimutsidwa, atangofika kumudzi anagwetsa mtengo n'kuchekeratu matabwa a bokosi la maliro. Musawaseke msanga: ankacheka misozi ikutsika, chifukwa mng'ono wawoyo ankamukonda.

Matabwa asanaume, a Thawale anatsika minibasi pamsewu, akuyenda okha pang'onopang'ono. Anatengera akulu awo kuseri kwa nyumba kukawaonetsa bala, ndipo a Malizani anachita kulifunafuna, poti silinaposa mphini. Pobwerera pabwalo, a Thawale anaona matabwa atatsamira khoma, ofanana ndi msinkhu wawo, n'kufunsa kuti ndi a chiyani.

A Malizani anakanda m'mutu. "A benchi," anatero.

A Thawale sanafunsenso. Benchiyo anaikhoma okha, ndipo awiriwo anakhalirapo zaka zambiri.

N'chifukwa chake amati, khotekhote ngwa njoka, tsata kumene kwaloza mutu. Munthu wokuthandiza akayambira patali, usafulumire kunena kuti wasochera. Yamba waona kumene akulinga. A Malizani anayang'ana mchira, n'kuchekera bokosi munthu wamoyo.