Woyendetsa wa Chisoti Chofiira

Patebulo lodyera m'nyumba mwa a Sipanala panatha miyezi isanu ndi iwiri osaikidwapo mbale. Eni akewo ankadya choimirira kukhitchini, chifukwa tebulo lonse linali litalandidwa ndi helikopita yapulasitiki, ija imabwera m'bokosi ili tizidutswatizidutswa kuti wogula alumikize yekha. Dzina loti Sipanala analitengera kuntchito, komwe anakhala zaka makumi atatu akukonza mahelikopita enieni. Ntchitoyo anapuma kalekale, koma dzina linawakanirira, pamodzi ndi matenda a amisiri ambiri akale, oganiza kuti kufunsa ndi kudzivula ulemu.

Bokosilo anagula ndi akazi awo. Mayiwo anatopa kuona bambo akuzungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira, kumasula zitseko zabwinobwino n'kuzimanganso.

"Gwirani ichi, mundisiyire zitseko zanga," anatero tsiku limene anabwera nalo.

Apo n'kuti matenda atayamba kale kuwadya mayiwo, koma pakamwa pokha panali pasanafooke. M'bokosimo anapezamo kamunthu kochepa ngati nyemba, woyendetsa helikopitayo, ndipo anati kameneko n'kawo. Anakapaka ali chigonere pabedi, pogwiritsa ntchito kyutekisi wawo wa m'zikhadabo. Dzanja linkanjenjemera, moti kufiira kwa chisoti kunatsikira mpaka paphewa.

"Palibe woyendetsa amavala chisoti chotere," anadandaula a Sipanala.

"Alipo, ndine. Mukamaliza mudzandikhazike pampando, ndizikuyang'anirani pagalasipo kuti musamagone ndi njala."

Patangotha milungu itatu mayiwo anatsogola. Kamunthu kaja ndiko kanali kanthu komaliza kamene manja awo anagwira mpaka kumaliza.

Maliro atatha, a Sipanala anadzitsekera. Ana awo, amene anali kutali ndi ntchito, akaimba foni ankangomva kuti "Ndili bwino, ndatanganidwa." M'mawa uliwonse dzuwa likafika pawindo, bambowo ankavala magalasi, kudula kachidutswa ndi lezala, kukapala ndi sandipepa mpaka msoko usaoneke, kenako n'kumata. Zimene anaikamo a kufakitale sizinawakwanire. Anasolola timawaya m'wailesi yakufa n'kutiyala kuseri kwa mipando, monga mmene mapaipi amayendera m'helikopita yeniyeni. Malamba a pampando anawadula kuchokera ku tepi yomatira. Timawotchi ta kutsogolo kwa woyendetsa anatilemba ndi nsonga ya singano, ndipo popondera anakandapo pang'ono kuti paoneke potha ndi nsapato. Tisanamizane, ntchito inali yokongola. Koma panalibe woiona, ndipo a Sipanala ankasungulumwa koopsa. Masiku ena ankangozindikira akulankhula ndi kamunthu kofiira kaja, kamene anakasunga m'bokosi la machesi kudikira tsiku lake.

Munthu mmodzi yekha sanatope nawo: mlamu wawo, mchimwene wa malemuwo, amene anthu ankangowatchula kuti a Mawotchi chifukwa ankakonza mawotchi kumsika. Loweruka lililonse akatseka kashopu kawo ankabwera kudzagogoda, ndipo Loweruka lililonse ankathera pakhonde. A Sipanala ankatulutsa mipando iwiri n'kubweza chitseko ndi phazi. Chidani panalibe. Kungoti a Mawotchi akaseka ankaseka ngati mlongo wawo, ndipo zimenezo zinkalasa mtima. Komanso munthu wozolowera tinthu ting'onoting'ono ngati ameneyo, akanalowa, sakanalephera kulangiza.

"Alamu, ndege yanuyo idzauluka ine ndikadali moyo?" ankafunsa a Mawotchi.

"Ikatha mudzaiona."

"Ndingosuzumirako, manja ndiika m'thumba."

"Inu dziwani za mawotchi anu. Ine zenizenizo ndamasula n'kumanga zaka makumi atatu, kachidole aka kangandivute?"

A Mawotchi ankangoseka n'kumwa tiyi wawo. Za kamunthu kopakidwa ndi mlongo wawo sanauzidwepo.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri, ntchito inatsala imodzi: kukhazika woyendetsa pampando ndi kutseka galasi la kutsogolo. Mwatsoka, guluu amene anabwera m'bokosi anali atauma gwa m'kachubu kake. Papepala la malangizo, pambali pa chithunzi cha galasilo, panali chizindikiro cha kadontho kodulidwa ndi mzere, ndi timawu tating'ono ta chilankhulo chachilendo. A Sipanala anachiona chizindikirocho. Anachiyang'ana kawiri, anatembenuza pepala, mtima ukuwauza kuti pali kanthu. Kenako anadziyankha okha kuti tanthauzo lake n'lakuti galasi lisanyowe, ndipo anapita kugolosale kukagula supagulu, uja amagwira ngakhale zala.

Linali Loweruka. Ali pakhonde, a Mawotchi anaona kachubu kakusuzumira m'thumba la malaya.

"Ameneyo mukufuna kumatira chiyani, alamu?"

Funso linali pamilomo penipeni pa a Sipanala. Kunali kungonena kuti, kodi ameneyu amagwirizana ndi galasi? Koma anaona m'maganizo mwawo mlamu wawo akupukusa mutu, akupempha pepala, akulowa m'nyumba, akutola kamunthu kofiira ndi zala zawo.

"Nsapato yanga yayasama."

A Mawotchi anayang'ana nsapatozo, zimene zinali zabwinobwino, n'kupitiriza kumwa tiyi wawo.

M'mawa mwake a Sipanala anasamba, kumeta ndevu, kuvala malaya oyera ngati akupita kukalandira mlendo. Anatsegula bokosi la machesi, kutola kamunthu ndi kachopanira, n'kukakhazika pampando. Anakamanga malamba aja mosamala.

"Khalani bwino, mayi, mwafika," anatero chapansipansi.

Kenako anazunguliza supagulu m'mphepete monse mwa galasi, mosaumira, pakuti kwa makaniko chinthu chomangidwa bwino ndi chimene sichigwedera. Analikanikiza mpaka linagwira. Kudzera pagalasipo chisoti chofiira chinkawala, timawotchi tonse tikuoneka, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirireni akazi awo, a Sipanala anamwetulira. Poopa fumbi anavundikira helikopita yonse ndi bokosi lake, n'kupita kukawongola miyendo.

Atabwerako masana anavundukula bokosi. Galasi lonse linali mbuu, ngati wina waliwaza ufa. Analipukuta ndi mpango, osasintha. Ananyowetsa mpangowo ndi malovu, osasintha. Kuyerako kunali mkati. Anaunika ndi tochi, anapendeketsa uku ndi uku, koma woyendetsa sankaoneka, ngakhale mthunzi wake. Anakhala pampando, ndipo tsiku limenelo sanayatse n'komwe moto.

Lolemba m'mawa anakulunga helikopita m'thaulo n'kulowera kumsika. Kashopu ka a Mawotchi kanali kopanikiza, khoma lonse mawotchi, iliyonse ikunena nthawi yakeyake. A Mawotchi anaona nkhope ya mlamu wawo ndipo nthabwala imene anaikonza inafera pakamwa. Anavala kagalasi kawo ka m'diso n'kuwerama.

"Ndiye nsapato ija imeneyi," anatero modekha. "Supagulu akamauma amatulutsa mpweya, alamu. Mpweyawo ukasowa kothawira umamatirira pa chilichonse n'kuyera chonchi. Ife pagalasi la wotchi sitimuyandikiza n'komwe. Munavundikiranso?"

"Ndimaopa fumbi."

A Mawotchi anakoka dirowa n'kutulutsa kabotolo ka guluu woyera, uja amamatira matabwa.

"Pagalasi timamata ndi uyu. Amachedwa kuuma, koma akauma saoneka. Wakhala m'dirowa muno chaka chonse."

"Tsegulani," anatero a Sipanala. "Galasi kaya lisweke. Ndikufuna zamkatimo."

A Mawotchi analowetsa nsonga ya kampeni pamsoko, pang'onopang'ono. Galasi linalira n'kung'aluka pakati. Mkatimo zonse zinali zoyera: timawotchi tolembedwa ndi singano, malamba, timawaya ta wailesi. Woyendetsa naye anali atayera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo guluu wina anali atayenderera n'kumumatiza kumpando. A Mawotchi anayesa kupala chisoti ndi singano. Kuyerako kunachoka limodzi ndi utoto, pansi pake n'kuoneka pulasitiki yotuwa. Anasiya msanga.

"Palibe mankhwala ochotsera?" anafunsa a Sipanala.

"Alipo. Ndi omwe aja amayi amachotsera kyutekisi m'zikhadabo. Angakokolole utoto wonse. Koma musadandaule, kamunthu aka tikapakanso, penti ndili naye wabwino kuposa uyu." Anaweramanso, akuyang'ana kadontho kofiira kamene kanatsalira kuseri kwa phewa. "Ndipotu uyu si penti. Uyu ndi kyutekisi weniweni. Anapaka ndani?"

A Sipanala anayang'ana pansi.

"Mlongo wanu. Ali chigonere. Anati ameneyu ndi iwowo, azindiyang'anira pagalasi."

A Mawotchi anavula kagalasi ka m'diso, anakaika patebulo, n'kupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Miyezi isanu ndi iwiri ndikumwa tiyi pakhonde panu, kameneka kali m'nyumba?"

"Ndimati mudzaone zitatha."

"Ine sindimafuna ndege, alamu. Chabwera kwa ine cha mlongo wanga n'chiyani? Ngakhale mpango ndilibe. Ndikanangokaona kali kofiira, kamodzi kokha, ndikanakhuta."

A Sipanala, munthu amene anaphunzitsa amakaniko osawerengeka, anakulunga helikopita yawo m'thaulo ngati mwana wodwala n'kutuluka. A Mawotchi sanawaperekeze.

Kunyumba anachotsa zonse patebulo: lezala, sandipepa, timabotolo ta penti. Helikopitayo anaiika pashelefu ili yopanda galasi, woyendetsa ali pampando wake, woyera ngati wagwera m'phulusa. Kuti aone kadontho kofiira kaja ankachita kuitembenuza n'kusuzumira kuseri kwa phewa. Chimene chinkawapweteka kwambiri si miyezi imene inapita pachabe. Kunali kudziwa kuti yankho linakhala nawo pakhonde, kapu ili m'manja, likuchita kuwafunsa lokha, iwo n'kulinamiza za nsapato.

Loweruka lotsatira anayala nsalu patebulo, anaikapo makapu awiri, chitseko anachisiya chotsegula mpaka kukhoma. Munthu akamadutsa mumsewu, a Sipanala ankatukula mutu. Dzuwa linachoka pawindo, tiyi anazizira m'thipoti, ndipo a Sipanala anatsuka makapu awiri, imodzi isanamweredwe n'komwe. Amene anatitsogolera anaziona kale zoterezi, n'chifukwa chake anatisiyira mawu aja akuti safunsa adadya phula.