Phulusa la a Mak

Kalekale, koma osati kale loti n'kuiwalika, kugombe la dziko la China kunali mzinda wina wa padoko umene azungu anaulamulira kwa zaka zambirimbiri. Mumzindamo munkakhala mayi wina dzina lake Sau-lin, mkazi wa a Mak, katswiri wolemba zikwangwani za masitolo.

Sau-lin anawadziwa a Mak ali mnyamata, tsiku limene apolisi a azungu anawathyola nthiti. Mlandu wawo unali wolemba pakhoma la msika kuti, "Mzinda uno ndi wa anthu okhalamo." Iye ndiye anawadwazika mpaka kuchira. Anakwatirana, nabereka ana atatu: Kin-on wachisamba, Wai-sum wamkazi, ndi Ho-lam chitsirizira.

Azungu atatsitsa mbendera yawo n'kukwera sitima, mzinda unabwerera m'manja mwa boma lalikulu la kumtunda. Anthu analonjezedwa kuti azidzisankhira okha atsogoleri. A Mak anadikira mpaka mutu wonse unayera mbuu. Zisankho zinkachitika ndithu, koma mayina a opikisana ankayamba asefedwa kumtundako. Nyuzi zina zinatsekedwa, ndipo anthu anaphunzira kucheuka asanalankhule.

Tsiku lina m'mawa Sau-lin anaona amuna ake akunyamula burashi ndi chitini cha penti.

"Bambo a Kin-on, ulendo wa kuti ndi miyendo yotupayo?"

"Kumsika," anatero a Mak. "Khoma lija likadalipo."

Analemba mawu omwe aja pakhoma lomwe lija. Dzuwa lisanafike pamutu apolisi anabwera kudzawatenga kunyumba. Ulendo uno sanali azungu. Ankalankhula chinenero cha mumzinda momwemo, ndipo mmodzi anali mwana wa mnansi wawo. Mlandu unali woukira boma. A Mak anali ndi matenda a shuga ndi a mtima, choncho aliyense anadziwa kuti kundende sakatulukako amoyo.

Sau-lin anauza ana ake mawu amodzi okha: "Ndibwezereni bambo anu. Njira yake sindikufuna kuidziwa."

Kin-on anali mkulu mu ofesi ya boma. Anagogoda pazitseko za mabwana ake mpaka anamuuza choti achite. Anavala suti, naima pa wailesi ya kanema n'kunena kuti, "Bambo anga akalamba, mutu wawo sukugwiranso. Zimene amalankhula sazidziwa, ndipo ine mwana wawo ndikuchita nazo manyazi." Sau-lin anaonera ali chiimire mpaka anamaliza. Mawa lake mlandu unachotsedwa kukhoti lachinsinsi loweruza oukira, n'kupita kukhoti wamba. Koma kuyambira pamenepo Kin-on akamadutsa mumsika, amalonda ankalavula pansi.

Wai-sum anali namwino kudziko la azungu aja. Anasiya ntchito, nakaima pakhomo pa nyumba ya malamulo ya dzikolo atanyamula chithunzi cha bambo ake, mvula ikumuvumba, mpaka atolankhani anatopa naye n'kumulemba. Nkhani itamveka m'maiko ambiri, akuluakulu a mzinda anaopa kuti nkhalamba ingawafere m'manja. Anaichotsa m'chitokosi, mmene inali itakomoka kale, n'kuigoneka m'chipatala. Koma boma linakwiya. Linatseka sitolo ya a Mak, n'kulengeza kuti Wai-sum akadzangoponda padoko adzamangidwa.

Ho-lam ankagwira ntchito ndi bambo ake, ndipo kalembedwe kawo kanali kamodzi. Tsiku la mlandu anaimirira n'kuuza woweruza kuti, "Dzanja limene linalemba pakhoma lija ndi langa. Bambo anangondigwirira chitini."

"Bodza!" anakuwa a Mak. "Ndinalemba ndine! Ndipo ndikudziwa chimene ndinalemba!"

Woweruza sanawayang'ane n'komwe. Munthu amene mwana wake yemwe anati mutu sukugwira, ndani akanamumvera? Onse m'khotimo ankadziwa kuti Ho-lam akunama, koma boma linkafuna womutsekera, ndipo nkhalamba inali itawatopetsa ndi phokoso la kunja. Ho-lam anamulamula kukakhala kundende zaka zambiri, kusiya mkazi wake ali woyembekezera. A Mak anawamasula.

Sau-lin anawaphikira nsomba imene ankaikonda. Iwo anangoiyang'ana.

"Wina wandisandutsa wamisala," anatero. "Wina wakandipemphera chifundo kwa amene anandithyola nthiti. Wina wandilanda mlandu wanga. Azungu anandimenya, koma sanakane kuti ndalemba ndine."

"Koma muli moyo, bambo."

"Ndinu munawatuma?"

Sau-lin anatenga mbale ya nsomba ija n'kubwerera nayo kukhitchini.

A Mak sanagwirenso burashi. Ankangokhala pawindo kuyang'ana sitima. Komabe anakhala ndi moyo mpaka ananyamula mdzukulu wawo, mwana wa Ho-lam, ndipo Sau-lin anawaona akumwetulira pamene khandalo linawagwira chala. Nyengo yozizira itafika anadwalanso, osadzukanso.

Mumzinda umenewo malo ndi ochepa, motero akufa amawatentha, phulusa n'kulisunga mumtsuko. A Mak ataona kuti mphamvu zatha anaitana mkazi wawo.

"Phulusa langa mukapereke kwa mwana amene anandipulumutsa."

"Uti, bambo? Ali atatu."

Iwo anatembenukira kukhoma. Anamwalira asanatchule dzina.

Mwambo wa maliro utatha, Sau-lin anaika mtsuko pashelefu. Kin-on anabwera pa galimoto ya boma.

"Amayi, ndawapezera malo paphiri, poyang'anana ndi doko. Anthu andida, ndikudziwa. Koma ndikanapanda kudetsa pakamwa panga, mlandu ukanathera kukhoti lachinsinsi, kumene Ho-lam sakanaloledwa ngakhale kutsokomola."

Sau-lin anadziwa kuti n'zoona. Anadziwanso kuti pamwala wa pamalopo padzalembedwa zokhazo zimene boma lingalole.

Wai-sum anaimba foni akulira.

"Amayi, popanda ine akanafera m'chitokosi mlandu usanayambe. Ndataya kwathu, ndipo maliro awo ndaonera pafoni ngati mlendo. Atumizeni kuno. Ndidzalemba pamanda pawo mawu awo aja popanda wondimanga."

Zimenezonso zinali zoona. Koma a Mak sanachokepo mumzinda wawo ngakhale tsiku limodzi, ndiye lero akagone m'dothi la azungu?

Sau-lin anakamuonera Ho-lam kundende, galasi lili pakati pawo. Anali ataonda, tsitsi atamumeta.

"Ine sindikupempha kanthu, Amayi. Ndikudziwa kuti anafa asanandikhululukire. Koma ngati mungathe, asungeni pomwepo mpaka ndidzatuluke."

Sau-lin anayang'ana manja ake okalamba. Zaka za Ho-lam kundende zinali zambiri, zake zokhala ndi moyo zinatsala zochepa. Akadzatsamira mkono iye, m'nyumba yake ya lendi mudzalowa ena, ndipo mtsuko adzauika panja pamodzi ndi mipando.

Anabwerera kunyumba pa basi, kudutsa kumsika. Khoma lija anali atalipaka penti yoyera, n'kupachikapo chithunzi cha ana akuseka atanyamula timbendera. Anatsika, nakwera masitepe pang'onopang'ono, nakhala pampando moyang'anana ndi shelefu.

Tsopano inu mwamva nkhaniyi, muthandizeni mayi ameneyu. Woyamba anapulumutsa bambo ake powanyoza pamaso pa mzinda wonse. Wachiwiri anawapulumutsa pokawalirira kwa adani awo akale. Wachitatu anawapulumutsa ndi bodza limene linafafaniza chinthu chimodzi chimene iwo ankanyadira. Pakanasowa mmodzi mwa atatuwa, a Mak akanafera m'ndende. Nanga Sau-lin apereke mtsuko kwa yani?