Mzere wa a Pulofesa

M'chipinda chakutsogolo cha nyumba yawo munkamveka mawu awiri. Oyamba anali a makina olukira, amene ankakwekwesa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Achiwiri anali a foni, imene inkalira kamodzi, ngati supuni yagunda kapu, munthu akagula kanthu pa tsamba lawo la pa intaneti. Makina anali a mlongo wamkulu, mayi wa ana awiri amene wakhala akuluka majuzi zaka khumi ndi ziwiri. Foni inali ya mchimwene wake wamng'ono, amene anabwera kuchokera ku koleji ndi pepala la zamalonda, ntchito n'kumusowa, iye n'kudzipatsa yekha udindo woyang'anira malonda a pakhomopo. Mlongo wakeyo ankamutcha a Pulofesa, ndipo dzinalo linamukakamira ngati chisoso pa thalauza.

Chimene chinkadyetsa nyumbayo sichinali intaneti. Chinali sukulu ya mkaka ya kumapeto kwa msewu wawo. Chaka chilichonse, nyengo yozizira isanafike, ahedi a sukuluyo ankabwera ndi pepala la misinkhu ya ana n'kuitanitsa majuzi zana limodzi ndi makumi awiri, obiriwira, a kamzere koyera m'khosi. Ntchitoyo inkatenga miyezi iwiri, ndipo inkasunga banjalo pafupifupi theka la chaka.

Koma tinene chilungamo, tsamba la a Pulofesa nalonso linagwira. Anajambula zipewa zimene mlongo wake ankaluka ndi ulusi wotsala, zokhuthala, zophimba mpaka makutu, ndipo anthu a kutsidya kwa nyanja anayamba kugula. Mu Novembala zinapita zisanu ndi zinayi. Mu Disembala makumi awiri ndi chimodzi. Januwale anatenga makumi atatu ndi zinayi, Febuluwale makumi asanu. A Pulofesa anamata pepala pakhoma, pamwamba pa makina, n'kuika kadontho pa mwezi uliwonse. Kenako anatenga rula n'kulumikiza timadonthoto. Mzerewo unakwera, pepala linatha, iwo anapitiriza pakhoma penipeni.

"Achemwali, mwaona? Mzere sunama."

"Ndaona kuti mwalemba pakhoma la eni nyumba," anayankha mlongo wake, maso ali pa ulusi. "Koma a Pulofesa, anthu amenewa ndi ndani? Akugula chifukwa chiyani?"

"Kasitomala safunsidwa. Inu mukamagula sopo, amakufunsani kuti mukasamba liti?"

"Wogulitsa sopo amadziwa kuti anthu amasamba tsiku lililonse. Nanga chipewa?"

"Kwawoko kumazizira chaka chonse. Simuonera mafilimu?"

Mwa ogula onsewo munali mayi wina wachikulire amene anagula kasanu, ndipo nthawi zonse ankafuna zofiira. Zikafika ankatumiza chithunzi cha adzukulu ake atavala, masaya ali psuu, kumbuyo kwawo kuli mbuu ndi chipale chofewa. Ankalemba zambiri, za galu wake, za bondo lake lovuta. A Pulofesa ankamuyankha ndi mawu amene anawasunga kale mufoni, othokoza kasitomala ndi kumupempha adzabwerenso.

Sabata yoyamba ya Marichi, ahedi anafika ndi pepala lawo. A Pulofesa anawapatsa mpando, koma nkhope yawo inali ya munthu amene walandira mlendo nthawi ya chakudya chochepa. Makina anali amodzi, manja oluka awiri okha. Malinga ndi mzere uja, miyezi itatu yotsatira inkafuna zipewa mazana atatu, ndipo chipewa chimodzi chinkabweretsa phindu la majuzi awiri. Zonse ziwiri sizikanatheka.

"Chaka chino mwina tipepese," anatero a Pulofesa.

Ahedi sanawayang'ane n'komwe. Anayang'ana mlongo wawo. "Mayi, ana anga avala majuzi anu kuyambira sukulu ili ndi kalasi imodzi. Ndikupatsani mpaka Lachisanu."

Atachoka, mlongoyo anaimitsa makina. Akafuna kunena zoona ankasiya kuseka n'kumutchula mng'ono wakeyo kuti iwe.

"Iwe, tamva. Mayi wa zipewa zofiira uja amakonda kucheza. Mulembere. Umufunse ngati kwawoko anthu amavala zipewa zoterezi miyezi yonse. Akati inde, ndiwakana ahedi ndi pakamwa panga."

"Kufunsa zotere kumaonetsa ngati ndife ongoyamba kumene."

"Nanga si ndife ongoyamba kumene?"

Anavomera kuti alemba. Lachitatu anatsegula foni, nayamba chiganizo, nachifufuta. Anadziona ngati dokotala amene akufunsa wodwala kuti mtima umakhala mbali iti. M'malo mwake anawerengeranso manambala ake m'njira zitatu zosiyana, ndipo njira zonse zitatu zinamuuza zimene ankafuna kumva. Manambala ali ndi ulemu woterowo: amayankha funso lokhalo limene wawafunsa.

Lachisanu m'mawa mlongo wake anati, "Wafunsa?"

"Ndafufuza, achemwali. Zonse zili bwino."

Mlongoyo anavala nsapato zake zopitira kutali, ngakhale kusukuluko kunali pafupi, n'kukawauza ahedi kuti chaka chino saluka majuzi. Atabwerako anachotsa ulusi wobiriwira pa shelefu n'kuikapo wofiira, wotuwa ndi wabuluu umene mng'ono wake anagula m'matumba akuluakulu.

Makina anagwira ntchito ngati kale lonse. Zipewa zinadzaza katoni yoyamba, yachiwiri, yachitatu, mpaka ana anayamba kudutsa chammbali popita kukhitchini. Chimene chinasintha ndi foni. Sabata yachiwiri ya Marichi inalira kanayi. Yachitatu kawiri. Mwezi utatha zinali zitapita khumi ndi ziwiri zokha, ndipo a Pulofesa anaika kadontho pansi penipeni pa pepala, kutali ndi mzere wawo wa pakhoma.

"Ndi mmene misika imayendera," anatero. "Imapuma kaye isanadumphe."

Mlongo wake anangofunsa ngati apitirize kuluka, iye nati apitirize.

Epulo anafika ali duu. A Pulofesa anayamba kuyenda ndi foni m'manja ngati munthu wonyamula dzira. Ankaikweza mawu, ngakhale anali okwezeka kale. Ankaizimitsa n'kuiyatsanso. Ankaima pawindo, poganiza kuti mwina netiweki ndi imene ikubisa makasitomala. Supuni ikagunda kapu kukhitchini, ankayang'ana msanga pa foni. Anatsitsa mtengo, anasintha zithunzi, anatsitsanso mtengo. Anayamba kusiya chakudya m'mbale, makamaka akaona mlongo wawo akugawa ndiwo mosamala kuposa kale, iye mwini n'kudziikira zochepa.

Masana ena anaganiza kuti mwina tsamba lawonongeka. Kuti aliyese, analowa ngati kasitomala n'kudzigula yekha chipewa chimodzi. Foni inalira.

Makina anaima nthawi yomweyo. Mlongo wake anatembenuka, nkhope itawala koyamba m'masabata atatu.

"Agula zingati?"

A Pulofesa anayang'ana pansi. "Ndine, achemwali. Ndimangoyesa."

Kuwala kuja kunazima pang'onopang'ono, ndipo a Pulofesa atakweza maso anakuona kukuzima. Mayiyo sanakalipe. Anafunsa motsitsa mawu, ngati woopa kudzutsa mwana.

"Tsiku lija unafunsadi?"

A Pulofesa anapukusa mutu.

Anakhala pa katoni ya zipewa n'kulembera mayi wa zofiira uja. Funsolo linali la mizere itatu, ndipo linamutengera mphindi ziwiri. Yankho linabwera tiyi asanazizire, lili ndi chithunzi ngati nthawi zonse. Mayiyo anali m'dimba la maluwa, mikono ili pamtunda, kumutu kuli chipewa cha udzu chotchinga dzuwa. Galu anali atagona pamthunzi, lilime panja. Analemba mosangalala kuti chisanu chatha, kuti zipewa za adzukulu anazichapa n'kuzisunga m'sutikesi, ndipo adzagulanso mu Novembala kukayamba kuzizira. Anawonjezera kuti wakondwa kwambiri kuti tsopano walandira uthenga wolembedwa ndi munthu.

A Pulofesa anawerenga miyezi pa zala. Inali isanu ndi iwiri.

Anathamangira kusukulu ya mkaka osasintha n'komwe masilipasi. Anapeza ahedi akumanga mwana chingwe cha nsapato pakhonde.

"Mayi, majuzi aja tingathe. Tiluka usana wonse, sitipuma."

"Ndinapereka kwa wina," anatero ahedi, osadzuka. "Ndinanena Lachisanu, koma ndinadikira mpaka Lolemba chifukwa cha mlongo wako. Ndimati mwina abweranso. Winayo tagwirizana zaka zitatu." Anamaliza kumanga chingwe n'kumusisita mwanayo pamutu. "Kodi zipewa zija zikuyenda?"

Nyengo yozizira ya kuno kwathu inafika pa nthawi yake, monga imachitira chaka chilichonse popanda rula ya munthu. Koma kuzizira kwa kuno kunali kwa juzi, osati kwa chipewa chophimba makutu. Amene ankayesa zipewazo ankazivula msanga n'kumati mutu ukupsa. M'mawa uliwonse ana a sukulu ya mkaka ankadutsa pawindo atavala majuzi obiriwira oluka wina, kamzere ka m'khosi katapendekera mbali imodzi. Mlongo uja ankawayang'ana mpaka womaliza atakhota. Tsiku lina anatenga nsalu n'kuphimba makina, koyamba m'zaka khumi ndi ziwiri pa miyezi ngati imeneyo.

Kenako anatulutsa mpando pakhomo, anaika katoni pambali pake, n'kumuveka mng'ono wake chipewa chofiira, kuchikokera mpaka m'makutu.

"Khalani apa, a Pulofesa. Aliyense wodutsa mumufunse chimene akufuna chaka chino, ndipo mulembe. Akati masokosi, tiluka masokosi."

"Nanga akandiseka?"

"Mufunsenso chimene akusekacho."

Anakhala pamenepo thukuta likutsika m'masaya, kope lili pamwendo. Kumbuyo kwake, m'chipinda chopanda mawu, mzere wa pensulo unali ukadali pakhoma, ukukwerabe molimba mtima kulunjika kudenga. Munthu amene wapatsidwa chisa cha njuchi koyamba amaona zonse zili zachikasu, zonse zonunkhira bwino, ndipo pafupi naye pamakhala wina wodziwa chomeza ndi cholavula. Mtengo wake ndi kutsegula pakamwa basi. Akulu sanalakwe: safunsa anadya phula.