Dziwe Limene Silinaume M'kati

Kudera lina lakumtunda, kumene mphepo imaulutsa fumbi pafupifupi chaka chonse, kunali mmisiri wina womanga nyumba. Munthuyo anali atakalamba, koma mbiri yake inali ikadali ndi mphamvu. Anthu akamakamba za khoma losang'aluka ankatchula iye. Mwini wakeyo ankazidziwa zimenezi, ndipo kunena zoona, ankazidziwa mopitirira muyeso.

Mkazi wake, Nambewe, anakulira kumadambo, kumene akakombo amayala pamadzi mpaka diso kutopa. Tsono maso a mayiyu anayamba kuchita nkhungu, ndipo kuchipatala anamuuza mosabisa kuti nkhunguyo izingokulirakulira. Tsiku lina masana ali pakhonde, analankhula ngati munthu wolota ali maso.

"Abambo, ndikanakonda nditaonanso kakombo ataphuka pamadzi. Kamodzi kokha basi, masowa asanatsekeke."

M'mawa mwake mmisiri anatenga khasu ndi fosholo n'kukumba kuseri kwa nyumba, pamalo pamene dzuwa limakhalitsa. Anamanga dziwe la simenti, lozungulira bwino, losalala ngati mbale. Anaitanitsa mizu ya kakombo kwawo kwa mkazi wake, anaibzala m'miphika n'kuimiza pansi. Masana aliwonse awiriwo ankakhala m'mphepete mwa dziwelo, mitambo ikuyenda pang'onopang'ono m'madzi, atombolombo akutera ndi kuuluka. Nambewe ankaviika dzanja n'kumatchula mayina a madooko akwawo limodzilimodzi, ngati akuitana ana amene anapita kutali.

Koma dziwe lija linkadontha. Kukacha, madzi ankapezeka atatsika ndi chala chimodzi. Mmisiri anaona ming'alu yaing'ono ngati tsitsi. Iye, womanga wotchuka, dziwe lake lidonthe? Anayamba kulawirira ndi ndowa, kudzaza mwakachetechete anthu asanatuluke m'nyumba. Anachita zimenezi miyezi, mpaka chilimwe chinafika pachimake, mjigo unayamba kupereka madzi monyinyirika, ndipo masamba a kakombo anagona pamatope osaphuka ndi duwa limodzi lomwe.

Apo m'pamene anameza malovu n'kukaitana bambo wina wokonza matanki ndi faiba. Faiba ndi ija nsalu yoyera yaulusi wonyezimira, imene amaiyala n'kuipaka mankhwala onata, ikauma n'kulimba ngati chigoba cha kamba. Bamboyo anazungulira dziwe, anagogoda apa ndi apo, kenako anati:

"Madala, faiba imagwira, koma siigwirizana ndi chinyontho. Chotsani madzi onse, palani ndere, mulisiye padzuwa liume mpaka m'kati."

"Masiku angati?" anafunsa mmisiri.

"Dziwelo linena lokha. Muziyala pepala la pulasitiki pansipo, muzilitsindika ndi miyala. M'mawa mukapeza thukuta kunsi kwake, ndiye kuti silinaume."

Mmisiri anasamutsira akakombo m'migolo, anakapa madzi onse, anapala ndere. Ha, dziwe lopanda madzi silibisa kanthu! Ming'alu yonse inaonekera poyera, kuyambira m'mphepete mpaka pakati. Odutsa ankasuzumira pampanda n'kumafunsa akumwetulira kuti, "Kodi a mmisiri, nanunso zanu zimang'aluka?" Mawuwo ankamuotcha. Chimene chinkamupweteka koposa chinali kuona Nambewe atakhala pampando wake wa masiku onse, nkhope italoza m'dzenje louma, akudikira osadandaula.

Tsiku lachitatu simenti inayera mbuu, pamwamba pouma bwinobwino. Mmisiri anagwada n'kutukula pepala lija. Kunsi kwake kunali timadontho, tambirimbiri, tikunyezimira. Anayang'ana uku, anayang'ana uko. Kenako anapukuta pepalalo ndi malaya ake n'kutumiza uthenga kwa wa faiba uja kuti dziwe lauma.

Ntchito inagwiridwa, ndipo inakongola zedi. Anapaka utoto wobiriwira ngati thambo, madzi analowa, akakombo anabwerera. Masamba anatambasuka, ozungulira, onenepa. Patapita milungu, mphukira imodzi inadzutsa mutu pamwamba pa madzi. Nambewe ankaiona ngati kachithunzi kakuda pakati pa kuwala, ndipo m'mawa uliwonse ankafunsa ngati yatsegula.

Koma chinyontho chimene chinatsekeredwa chija sichinagone. Pansi pa dziwe panayamba kutuluka matuza. Lero limodzi, mawa atatu. Matuza anaphulika, faiba inasendeka, madzi analowa kunsi n'kupeza njira zawo zakale zija. M'mawa wina mmisiri anapeza mphukira itawerama m'matope, isanatsegule. Ndipo sabata yomweyo mvula yoyamba inagwa. Dzuwa loumitsa dziwe linali litapita, ndipo silikanabweranso mpaka dzinja litatha.

Mmisiri anakhala pansi pafupi ndi mkazi wake.

"Nambewe, ndinanama. Pepala lija linali ndi thukuta, ine ndinapukuta."

Mayiyo anamvetsera mvula padenga. Kenako anati, "Tidikire dzuwa, abambo. Ulendo uno muzindiitana, ndizikhudza ndekha."

Anadikira. Dzinja lonse nkhungu ya m'maso inkakula, ndipo mmisiri ankaiona ikukula, alibe chochita. Mvula italeka anasenda faiba yonse, dziwe linakhalanso poyera, ming'alu ili pamtunda. Odutsa anasuzumiranso, koma tsopano iye ankangowapatsa moni. M'mawa uliwonse ankatsika ndi mkazi wake m'dzenjemo, mayiyo n'kulowetsa dzanja kunsi kwa pepala, n'kupukusa mutu. Sabata inatha, yachiwiri inatha, yachitatu inatha. Tsiku lina anasisita, anasisitanso, n'kunena kuti lauma.

Ulendo umenewu faiba inagwira. Madzi anakhala pamene anawasiya, osatsika ngakhale pang'ono. Ndipo m'mawa wina wabata, dzuwa litangotentha, mmisiri anatuluka n'kupeza kakombo atatsegula, wamkulu, ataima pamadzi ngati wakhalapo kuyambira kale. Anathamanga monga mmene nkhalamba imathamangira, anagwira mkazi wake padzanja n'kumufikitsa m'mphepete. Nambewe anatembenuzira nkhope kumanja, anaitembenuzira kumanzere.

"Ali pati, abambo?"

Duwalo linali patsogolo pake penipeni. Mmisiri anatenga dzanja lake n'kuliika pamenepo. Mayiyo anasisita pang'onopang'ono, kuchokera kunja mpaka pakati, akumwetulira. Kenako anafunsa kuti, "Ndi woyera kapena wofiirira?" Mmisiri anayang'ana duwalo, anayang'ana mkazi wake. Analira.

Abale anga, dziwe limenelo ndi mtima wanu ndi wanga. Tonse tili ndi ming'alu, ndipo chisomo cha Mulungu chikhoza kuiphimba yonse, palibe umene ungachikanike. Koma ife timafuna kuphimbidwa msanga, tisanaume, chifukwa timachita manyazi kukhala poyera anthu akutiona. Timalapa zapamwamba, zam'kati timapukuta ndi malaya, n'kuuza Ambuye kuti takonzeka. Tchimo lotsekeredwa silifa. Limadikira, kenako limatukula zonse zimene tapakapo.

Mulungu ndi wachifundo, amatilola kuyambiranso, ndipo dziwe la mmisiri uja linadzagwira madzi. Koma nyengo imene timataya pobisa siibwerera, ndipo nthawi zambiri amene amaluza si ife tokha, ndi munthu amene amatikonda, amene wakhala akudikira pambali pathu. Ngati muli ndi chimene mukubisa, chitulutsireni padzuwa lero, amene mukufuna kuti adzaone kusintha kwanu akadali ndi maso.