Tembenu ndi Denga la Nkhokwe

Chaka china kalekale, m'mwezi wa Meyi anthu akukolola, mkamwini wina dzina lake Tembenu anayesa kukweza yekha denga la nkhokwe yake, ndipo mudzi wonse wa Kamphinda unaona zimene zinamuchitikira. Nkhaniyi anthu amaikamba mosiyanasiyana. Ena amati dengalo linauluka naye mpaka kutsidya kwa mtsinje, koma kumeneko n'kuwonjezera chabe. Zimene zinachitikazo n'zokwanira pazokha.

Inali nyengo ya masika, nthawi imene pakhomo pamakoma. Ntchito yowawa ya khasu inali itatha, m'mawa kunayamba kuzizira, ndipo mphepo ya mwera inkaliza mapesi m'minda. Pabwalo lililonse panali mphasa zoyala: apa mnkhwani wofutsa, apo khwanya, uko mtedza wongokumba kumene. Amayi ankakhala pamthunzi n'kumakulunga mfutso m'zikwatu, nkhani zili pakamwa. Mbatata sizinkachoka paphulusa. Abambo akaweruka kotuta chimanga ankasonkhana pansi pa mtengo wa mbawa n'kumasewera bawo, uku akukukuta chimanga chokazinga.

Tembenu anali wochokera kuseri kwa phiri. Anakwatira Nambewe, ndipo monga mwa mwambo wa chikamwini anadzamanga nyumba kwawo kwa mkaziyo. Apongozi ake aakazi anamugawira munda. Anali munthu wamphamvu ndi wakhama, wosakonda zolankhulalankhula. Chaka chimenecho chimanga chake chinabereka bwino, ndipo kanali koyamba kuti iye ndi Nambewe akhale ndi nkhokwe yawoyawo. Kufikira nthawi imeneyo ankadya za m'nkhokwe ya apongozi, ndipo zimenezi zinkamuwawa mumtima ngakhale sankanena.

Nkhokweyo anailuka yekha ndi nsungwi zodula yekha, n'kuthiramo chimanga chonse mpaka kudzaza. Denga analimangira pansi monga amachitira aliyense: anasanja phaso, n'kulimanga ndi mbalo ndi luzi, n'kufolera ndi udzu wambiri kuti lisadzadonthe. Chinatsala n'kulikweza basi. Ntchito imeneyi inali ndi dongosolo lake. Mkazi ankaphika thobwa, ndipo mwini nkhokwe ankapita yekha kukapempha amuna anzake. Iwo ankazungulira dengalo, kulowetsa mitu kunsi kwake n'kunyamuka pamodzi, ena akukankha ndi mphanda. Munthu sankabwera wosaitanidwa, chifukwa nkhokwe ya mwini saiyandikira chisawawa.

Madzulo ena Tembenu anakhala pa bawo ndi mlamu wake Gwaza, mlongo wake wa Nambewe, munthu wa pakamwa posatseka.

"Alamu, takatani msanga, dzuwa likulowa," anatero Gwaza. "Kapena kwanu kuseri kwa phiri bawo mumasewera ndi maungu?"

Amuna anaseka. Tembenu anatola timiyala n'kutifesa m'maenje, koma anasankha dzenje lolakwika. Gwaza anadumpha pampando.

"Ndadya! Ndadyanso! Alamu, nyumba yanu yapita iyo!" Anawomba m'manja n'kumugwira paphewa. "Musadandaule. Mkazi tinakupatsani, munda tinakupatsani, bawo tikukuphunzitsani. Mawa tikukwezeraninso denga. Kodi pakanapanda ife mukanatani?"

Nthabwala zotere pakati pa munthu ndi mlamu wake n'zololedwa, ndipo Gwaza sankaganiza zoipa. Koma mawuwo anagwera pa chilonda.

"Munda munandipatsawo linali thengo," anayankha Tembenu akuimirira. "Zitsa ndinazula ndekha. Denganso ndikweza ndekha, musavutike."

"Nokha? Chabwino, alamu. Ife tidzakhala pompano kuonerera."

M'mawa mwake kunacha ndi mitambo yakuda pamwamba pa phiri. Aliyense wa ku Kamphinda ankaidziwa mitambo imeneyo. Inkabweretsa mvula ya mawawa, yaing'onoing'ono koma yosakata msanga. Ikapeza chimanga m'nkhokwe yopanda denga, madzi amatsikira mpaka pansi, ndipo chimanga chimachita nkhungu n'kuola.

Nambewe anatuluka m'khitchini akupukuta manja pachitenje.

"Bambo, thobwa lapsa. Pitani mukawaitane anthu aja, taonani kuphiriko."

"Thobwalo timwa tokha. Ndibwereke nkhata yako."

"Nkhata ya chiyani? Mukukatunga madzi?"

"Ndati ndibwereke."

"Koma inu, nkhani ya pa bawo yomweyo? Achimwene aja ngakhale amayi amawanena. Chimanga chathu chalakwanji?"

Tembenu anatenga nkhata n'kuiika pamutu. Anatukula mbali imodzi ya denga, kuichirikiza ndi chitsa, n'kukwawira mkati. Ananjuta pakati penipeni, pamene phaso limakumana, n'kuyamba kudzuka pang'onopang'ono.

Tinene zoona: analinyamuladi. Denga linachoka pansi, ndipo amayi amene ankafutsa ndiwo pafupi anasiya ntchito n'kuimirira.

"Taonani, anthu inu! Denga lamera miyendo!"

Koma Tembenu anali asanaganizire chinthu chimodzi. Udzu unalendewera mpaka m'mawondo mwake, ndipo sankaona kanthu kupatula zala za kumapazi. Anaponda kamodzi, kawiri, denga likupendekera uku ndi uku. Kenaka mwera unawomba n'kulowa kunsi kwa udzu. Denga linazungulira, Tembenu n'kuzungulira nalo, ndipo sanadziwenso kumene kunali nkhokwe.

"Kumanzere, bambo!" anakuwa Nambewe akuthamanga pambuyo pake. "Ayi, manzere enawo! Mwaponda mtedza! Mayo, mnkhwani wanga!"

Denga linadutsa pamphasa zoyanika, mtedza uli mbwee pabwalo ponse. Nkhuku zinabalalika zikulira, galu anayamba kuuwa akulithamangitsa, ndipo amayi ankakokera malichero awo kumbali uku akuseka mpaka misozi. Mphepo inakankhanso, ndipo Tembenu anayamba kuthamanga kuti denga lisamusiye m'mbuyo.

"Imani! Uko n'kwa amayi! Bambo, uko n'kwa amayi!"

Pabwalo la apongozi panali munsi wogona pansi. Tembenu anapunthwa pamenepo n'kugwa chogwada. Nkhata inaterereka, denga linatsika ndi kulemera kwake konse, ndipo mutu wake unalowa pakati pa mitengo iwiri ya phaso, kubowola udzu n'kutulukira kunja. Mitengoyo inamupana m'khosi kunsi kwa nsagwada. Sakanatha kubwerera mkati, sakanathanso kutembenuka.

Patsogolo pake penipeni, pakhonde, panali apongozi ake akusankha nyemba.

Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana kumaso. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire, ndipo mawu ankadutsira mwa munthu wina. Chikwatirire, Tembenu anali asanaonepo nkhope ya apongozi ake pafupi chotero. Anatsinzina mwamphamvu. Apongoziwo anatembenuka msangamsanga, kufunda chitenje kumutu n'kuyang'ana kukhoma. Mapewa awo ankagwedera ndi kuseka.

"Nambewe," anatero ali chiyang'anire kukhoma, "uwafunse alendo atulukira muudzuwa ngati adzuka bwino."

"Uwauze amayi kuti ndadzuka bwino," anayankha Tembenu ali chitsinzinire, udzu uli m'makutu.

Phokosolo linafika pa mtengo wa mbawa, ndipo amuna anabwera akuthamanga. Ena anafuna kugwira denga nthawi yomweyo, koma Gwaza anatambasula manja n'kuwaletsa.

"Imani kaye, anzanga. Kodi alipo waitanidwa pano?"

Nthawi yomweyo madontho oyamba anayamba kugwa.

"Achimwene, musachite zimenezo!" anatero Nambewe. "Chimanga chikunyowa!"

"Ndikuona, chemwali. Koma mwini nkhokwe ndi uyu. Mwamwayi pakamwa pali kunja. Anene yekha."

Tembenu anatsegula maso n'kuponya diso kumbali. Anaona nkhokwe yake ili yasa, chimanga choyera chili poyera, mvula ikugwerapo. Chimenecho chinali chakudya cha chaka chathunthu, cha iye ndi mkazi wake. Chikaola ndiye kuti Nambewe adzanyamulanso lichero kupita kunkhokwe ya amayi ake mpaka masika ena.

"Alamu, ndithandizeni."

"Mwati bwanji? Mphepoyi ikusokosa."

"Alamu!" anakuwa Tembenu, mudzi wonse ukumva. "Anzanga nonse, ndapota nanu! Ndithandizeni kukweza denga!"

Kuseka kwa Gwaza kunathera pomwepo. Anadumphira pa dengalo, kugwira mitengo iwiri ija n'kuikanula ndi mphamvu zake zonse, ndipo mutu wa Tembenu unabwerera mkati. Wina anathamangira mtolo wa udzu n'kutseka bowo lija. Amuna anazungulira denga, aliyense n'kulowetsa mutu kumbali yake.

"Tonse tagwira?" anafunsa Gwaza. "Tiyeni nalo!"

Denga linanyamuka ngati lichero. Linadutsa pabwalo mosapendeka, chifukwa amene anali kutsogolo ankaona njira, ndipo amene anali kumbali ya mphepo ankalikanikiza. Atafika pankhokwe anatenga mphanda n'kuyamba kukankha.

"Kwezani uko! Inu a kumbuyo, musagone! Pang'ono... pang'ononso... lakhala!"

Amayi analiza nthungululu. Tembenu anakwera n'kumangirira dengalo ndi luzi, mvula ikumumenya kumsana. Mawawa aja anagwa masiku angapo osakata. Chimanga cha pamwamba chokha ndi chimene chinanyowa, ndipo Nambewe anachiyanika dzuwa litatuluka. China chonse chinapulumuka.

Tsiku lomwelo amuna anakhala pakhonde la Tembenu kuusa mvula, chipanda cha thobwa chikuyenda m'manja. Tembenu ankasisita khosi lake lomwe linali litasupuka. Gwaza anamupatsira chipanda.

"Imwani, alamu. Koma ndinene: ine sindikanalisuntha n'komwe. Inu mwalifikitsa mpaka kwa amayi."

"Sindinkapita kumeneko," anayankha Tembenu, ndipo naye anaseka.

Apongozi anali m'khitchini ndi Nambewe. Analankhula mokweza kuti a pakhonde amve.

"Iwe Gwaza, pakamwa pakopo ndi pamene pakanationongera chimanga lero. Munthu ukamamuwerengera zimene unamupatsa, mawa amaopa kukupempha." Kenaka anapitiriza. "Ndipo iwe Nambewe, uwauze amuna ako kuti mphamvu ali nazo, tonse taziona. Koma mutu umodzi susenza denga."

Amuna aja anabwereza mawuwo akuseka, ndipo anapita nawo kumakomo kwawo. Chaka chotsatira, aliyense wokapempha anzake kuti amukwezere denga ankangoima pakhomo n'kunena kuti, "Odi, mutu umodzi susenza denga," ndipo eni khomo ankadziwa kuti kwinakwake kuli thobwa. Kuchokera ku Kamphinda mawuwo anafalikira kumidzi ina mpaka anasanduka mwambi.

Mwambiwu sunena kuti munthu mmodzi ndi wopanda pake. Tembenu anazula zitsa yekha, analima yekha, analuka nkhokwe yekha, ndipo zonsezo zinatheka. Ngakhale denga analinyamula. Chimene chinamukanika n'chakuti amene wasenza denga saona kumene akupita, ndipo sangagwire mbali zonse nthawi imodzi. Zilipo ntchito zotero pamoyo wa munthu: maliro, ukwati, matenda aakulu, mlandu wa pabanja, ngakhale kulera mwana. Ntchito zimenezi zimafuna maso ndi nzeru za anthu angapo, kaya mwini wake ndi wamphamvu chotani. Akuluakulu amanena mwambiwu kwa munthu amene akubisa vuto lake chifukwa cha manyazi kapena kunyada, pomukumbutsa kuti kupempha thandizo si kuchepa. Amaunenanso pamene anthu akhala pansi kuti aganizire limodzi nkhani yovuta.

Masiku ano nkhokwe zoluka zikuchepa, ndipo mabanja ambiri amatonola chimanga n'kusunga m'matumba m'nyumba. Ana ambiri sanaonepo denga likukwezedwa pamitu ya anthu. Koma kumene nkhokwe zikadalipo, denga amalimangirabe pansi, ndipo mwini wake amapitabe kukaitana anzake.