Timabokosi Makumi Asanu ta a Gilford

Mu ofesi ya bungwe lina la asodzi ku Mangochi boma munali matebulo awiri, fani imodzi ndi kompyuta imodzi. Fani ndi kompyuta zonse zinkayang'ana kwa a Gilford. Bambowa anali a ku Dedza, nyanja anaionera kuukulu, koma atatha masabata asanu ndi imodzi akuphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta, anayamba kuvala magalasi ngakhale maso awo analibe vuto.

Tebulo linalo linali la Zena, mlembi wa bungwelo. Iye anaphunzira zomwezo chaka chathunthu, kungoti panalibe womufunsa.

Tsiku lina kunabwera uthenga. Anthu ena akufuna kwabwino analonjeza majekete oyandamitsa munthu pamadzi, ndipo ankafuna mndandanda wa eni mabwato a ku Makanjira pofika Lolemba masana: dzina, doko, nambala ya foni ndi kuchuluka kwa alovi, anyamata ogwira ntchito m'bwato. Wosalembedwa, jekete adzangolionera pamsana pa mnzake.

A Gilford anakonza pulogalamu yolembera. Kunena zoona inali yokongola. Pamwamba panali chambo chojambula, ndipo ukadina batani lobiriwira pankatuluka mawu akuti "Zasungidwa bwino."

Zena anasuzumira pasikirini. "Abwana, mayinawa azipita kuti?"

"Mu areyi," anatero a Gilford, ngati akuyankha mwana wa kumkaka. "Areyi ndi mzere wa timabokosi. Ndakonza makumi asanu, munthu aliyense kabokosi kake."

"Nanga akabwera oposa pamenepo?"

"Ku Makanjira? Mabwato ake angati?" Ku Makanjirako anali asanapondeko phazi.

"Chinanso, abwana, areyi imangokumbukira pulogalamu ikakhala yotsegula. Ikatsekeka, zonse zapita. Nkhokwe yeniyeni ndi detabesi ija munakonza, koma sindikuona mzere woitsegula ndi kutumizako mayina."

"Zimenezo ndikudziwa kale. Zili pamutu wachisanu ndi chiwiri wa maphunziro anga aja."

Zinalidi pamutu umenewo. Iwo anali atayesa kamodzi kulumikiza, kompyuta n'kuwayankha ndi mawu ofiira. Anafufuta mzere wovutawo, mawu ofiira anasowa, ndipo kwa iwo matenda anali atachira.

"Bwanji ine ndizilembanso m'buku, pongodziteteza?"

"Anthu achoke ku Makanjira kudzaona buku?" Anatenga buku lachikuto cholimbalo n'kuliika pansi pa fani, kuti mphepo iziwafika bwino kumaso.

Lachisanu m'mawa lole inatsitsa asodzi, fumbi lili mbuu m'ndevu. Mmodzimmodzi ankatchula dzina, a Gilford ankadina batani ndi chala chimodzi chokweza m'mwamba, kenaka n'kutembenuza sikirini kuti mwini dzina adzionere yekha kuti zasungidwa bwino. Pofika nthawi ya swala ya Ijuma anali atalemba anthu makumi asanu ndendende. A Gilford anamuyang'ana Zena pamwamba pa magalasi. Atatuluka mumzikiti asodzi aja anakwera lole yawo, poti msewu wa kwawo sufuna munthu wozengereza.

Cha m'ma 3 koloko kunalowa mkulu wina, che Swadick, yemwe anatsalira kokagula pulagi ya injini. Anapereka salamu, anakhala pansi, natchula dzina lake, doko lake ndi alovi asanu ndi mmodzi. A Gilford anadina batani.

Pulogalamu inafunafuna kabokosi ka makumi asanu ndi chimodzi, koma kunalibe. Inatulutsa mawu ofiira, n'kudzitseka yokha.

"Zimachitika," anatero a Gilford. Anaitsegulanso. Chambo chija chinabwera, batani linabwera, koma mayina ayi. Anatsegula detabesi. Munali mitu yokhayokha, dzina, doko, foni, alovi, ndipo pansi pake panali poyera ngati thandala loyanikapo usipa m'mwezi wa mwera.

"Tiwaimbire foni," anatero motsitsa mawu.

"Manambala analinso mu areyi, abwana," anayankha Zena.

Che Swadick anayang'ana uyu, nayang'ana uyo. "Ndiye kuti makinawa anawanamiza anzanga aja?"

"Makina sananame, che Swadick," anatero Zena. "Anangonena zimene anauzidwa kuti azinena."

Mkuluyo anavula kofia, naikanda pamutu, naivalanso. "Achimwene, ine za timabokosi sindizidziwa. Ndimadziwa kuti mwera ukawomba, anyamata anga amakhala pakati pamadzi ndi malaya okhaokha. Lole ya mawa imanyamuka kukangocha. Malo ndikusungirani pamwamba pa matumba."

A Gilford ananyamula fani, nachotsa buku lija, nalipukuta fumbi.

Loweruka ndi Lamulungu anayenda doko ndi doko, che Swadick ali patsogolo, buku lili kukhwapa, magalasi ali m'thumba. Paliponse ankafunsidwa funso limodzi: "Si paja munati zasungidwa bwino?" Ndipo anapeza kuti ku Makanjira kuli mabwato 83, kuphatikizapo a anthu amene lole ya Lachisanu inawasiya.

Lolemba m'mawa anafika ku ofesi msana uli gwa. Anapeza Zena atawonjezera mizere yochepa: wina wotsegula detabesi, wina wotumiza dzina lililonse nthawi yomweyo, wina wotseka. Mawu aja akuti "Zasungidwa bwino" tsopano ankadikira kaye kuti detabesi ivomere. A Gilford ankawerenga m'buku, Zena akulemba, ndipo mndandanda unatumizidwa kutatsala mphindi makumi awiri kuti nthawi ikwane.

Mpaka lero a Gilford amati ulendo uja unali wa kafukufuku, ndipo anaukonza kalekale. Zena satsutsa. Kungoti kompyuta inasamukira patebulo pake, fani n'kutsala kwa abwana.

Akuluakulu anaona patali ponena kuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.